Nanga Nkhonoyo Ikasamutsidwa?

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Aliyense amene anakulira kumene mvula yoyamba imatulutsa nkhono m'zinyalala ndi m'tsinde mwa nthochi akudziwa kuti mawuwa si ongopeka. Ukaigwira nkhono, imadzikokera m'chigoba mwake n'kutseka pakhomo ndi thovu. Ukaigogoda, imalowereratu. Ukaigwedeza, ndiye wadzitayitsa wekha. Koma ukaiika pansi n'kukhala duu, osasuntha phazi, pakapita kanthawi umaona kamutu konyowa kakusuzumira, kenako tinyanga tiwiri tatitali tikutambasuka pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa kanyanga kalikonse kuli kadontho kakuda. Amenewo ndiwo maso. Wopupuluma amafa asanawaone.

Mwambiwu walera anthu ambiri, ndipo ine ndimaulemekeza. Ndi umene umasunga mnyamata wophunzira ukalipentala pa benchi, kupala matabwa miyezi ndi miyezi asanapatsidwe chitseko choti apange yekha. Komabe mwambi sulemera chimodzimodzi pakamwa paliponse. Agogo akamuuza mdzukulu kuti adekhe, agogowo sapindulapo kanthu pa kudikira kwa mwanayo. Nkhono nayo sipindula. Silemera chifukwa iwe wakhala pansi ola lathunthu, sikulonjeza kanthu, sikunamiza, ndipo koposa zonse sichoka pamene waiikapo. Mwambi wonse waima pa miyendo iwiri imeneyi: choyembekezeredwacho sichidyerapo pa kudikira kwako, ndipo chikhala pomwepo mpaka nthawi itakwana. Mwendo umodzi ukathyoka, mwambi umayamba kutsimphina. Yonse iwiri ikathyoka, mawu amene ankalera munthu amayamba kumumanga.

Mwambiwu ndikufuna kuuyesa pa anthu amene sanaumvepo: mainjiniya olemba mapulogalamu a kompyuta m'makampani akuluakulu a ku America, a Google ku Mountain View, a Microsoft ku Redmond, a Amazon ku Seattle, a Meta ku Menlo Park. Chinenero n'china koma malangizo ndi omwewo. Munthu akafunsa manijala wake za kukwezedwa, amauzidwa kuti ntchito yake ndi yabwino, apitirize choncho, chaka chino bajeti yathina, tidzaonanso ulendo wamawa. Ku Google makwerero ake ali ndi manambala. Wongochoka kumene kuyunivesite amayambira pa L3, akalimbikira amafika pa L4, kenako L5, ndipo pa L6 ndi pamene mawu ake amayamba kumveka kupitirira timu yake. Sitepe iliyonse imabwera ndi malipiro okwera ndi masheya ochuluka. Kwa zaka zambiri, makamaka kuyambira cha m'ma 2010 mpaka 2021, mwambi wathu unkagwira ntchito kumeneko. Makampani ankakula chaka ndi chaka, matimu atsopano ankabadwa, ndipo timu yatsopano iliyonse inkafuna woitsogolera. Wodekha ankawaonadi maso a nkhono. Tisaiwale zimenezi, chifukwa mkwiyo wa anthu amenewa lero wachokera pa lonjezo limene kale linkakwaniritsidwa pamaso pawo.

Ngakhale m'masiku okomawo, kudikirako kunali ndi wina wodyerapo. Masheya amene injiniya amalonjezedwa polowa ntchito saperekedwa tsiku limodzi. Amagawidwa pa zaka zinayi, ndipo wochoka msanga amasiya otsalawo. Ku Amazon kagawidwe kake n'kodziwika: magawo 5 pa 100 alionse chaka choyamba, 15 chaka chachiwiri, 40 chachitatu, 40 chachinayi. Amene anakonza ndondomeko imeneyi ankaudziwa bwino mtengo wa kudekha kwa munthu, ndipo anaugula. Panalinso china chobisika. Pakati pa 2005 ndi 2009 mabwana a Apple, Google, Intel, Adobe ndi makampani ena anapangana mwakachetechete kuti asamakoperane antchito. Injiniya wokhulupirika ankakhala pa desiki yake poganiza kuti kunja kulibe womufuna, chikhalirecho foni yoti imuitane inatsekedwa ndi mabwana ake omwe. Nkhaniyo itafika kukhoti m'dzina la antchito pafupifupi 64,000, makampani anayiwo anavomera mu 2015 kulipira madola 415 miliyoni. Mwendo woyamba wa mwambi unali utathyoka kale, anthu asanadziwe.

Wachiwiri unathyoka poyera. Mu Novembala 2022 Meta inachotsa antchito 11,000, n'kuwonjezera 10,000 mu Malichi 2023. Amazon inachotsa 27,000 m'miyezi yomweyo. Microsoft inalengeza 10,000 mu Januwale 2023, ndipo patangopita masiku awiri Google inalengeza 12,000. Ambiri anadziwira pa imelo ya m'bandakucha, ena pa laputopu yokana kutseguka, ena pa baji yokana kutsegula chitseko cha ofesi. Ochotsedwawo analira, analandira ndalama zowatsanzika, napita kukafuna kwina. Mtima wanga uli kwambiri pa otsala, amene anauzidwa kuti ali ndi mwayi.

Otsalawo anapeza kuti makwerero adulidwa chakumwamba. Mu Malichi 2023 Google inauza antchito ake kuti okwezedwa kufika pa L6 ndi kupitirira apo achepa, popeza kampani yachepetsa kulemba anthu. Mu Meyi chaka chomwecho Satya Nadella, mkulu wa Microsoft, anauza antchito okhazikika a kampaniyo kuti malipiro awo sakwera chaka chimenecho. Meta inauza mamanijala ambiri kuti abwerere ku ntchito yolemba okha mapulogalamu kapena achoke, ndipo mu Seputembala 2024 Andy Jassy, mkulu wa Amazon, analamula kuti kumeneko nako mamanijala achepe poyerekeza ndi anthu amene amawayang'anira. Kuti timve pamene pakuwawa, tiyenera kudziwa mmene munthu amakwerera m'makampani otere. Sakukweza chifukwa chakuti wakhalitsa. Amafuna uonetse kuti wayamba kale kugwira ntchito ya udindo umene ukuufunawo: watsogolera pulojekiti yaikulu, walera achinyamata, wamanga chinthu chatsopano chimene matimu ena akudalira. Tsono pulojekiti yatsopano ikatsegulidwa ku Hyderabad, achinyamata akalembedwa ku Bengaluru, ku Warsaw, ku São Paulo kapena ku Mexico City, wa ku Seattle aonetsera pati? Watsala ndi ntchito yosamala zakale, kudzuka pakati pa usiku makina akafa, kumata mabowo m'mapulogalamu amene analembedwa zaka khumi zapitazo. Ntchito imeneyi ikapanda kugwiridwa kampani imagwa, koma tsiku loweruza za kukwezedwa siioneka n'komwe. Munthu amalimbikira kuposa kale, alandira matamando chaka ndi chaka, koma nambala ya udindo wake ili pomwe inali.

Kusamutsa ntchito kwa masiku ano nthawi zambiri sikuimba ng'oma. Palibe kalata, palibe msonkhano. Mnzako wa pa desiki yoyandikana akasiya ntchito, malo ake safafanizidwa, koma satsegulidwanso mumzinda mwanu. Amatulukira pa mndandanda wa ntchito za ku India kapena ku Poland. Timu ya anthu khumi imatsala ndi asanu ndi awiri, kenako anayi, ndipo misonkhano imayamba kusunthira m'mamawa kwambiri kapena usiku kuti igwirizane ndi wotchi ya kutsidya, poti pakati pa California ndi Bengaluru pali kusiyana kwa maola oposa khumi ndi awiri. Nthawi zina ng'omayo imalira ndithu. Kumapeto kwa Epulo 2024 Google inachotsa anthu osachepera 200 m'matimu osamala maziko a makina ake, ndipo ena mwa malowo anapita ku India ndi ku Mexico. M'masiku omwewo, pa 25 Epulo, Alphabet, imene ndi mwini wa Google, inalengeza kuti kwa nthawi yoyamba igawira eni masheya phindu, komanso kuti yapatula madola 70 biliyoni ogulira masheya ake omwe. Wantchito amene anamva nkhani ziwirizi motsatizana sangakhulupirirenso zoti bajeti yathina.

Pali chinthu chimene chimapweteka kuposa kalata yochotsedwa ntchito: kuphunzitsa wodzakulowa m'malo. Tiyerekeze injiniya wa zaka za m'ma 40 ku San Jose. Nthawi ndi 9 koloko usiku, ana agona, iye wakhala pa tebulo la kukhitchini ndi laputopu, mahedifoni m'makutu. Kutsidya kwa sikirini kwacha kale, achinyamata atatu a ku Bengaluru angofika kumene mu ofesi. Iye akuwaonetsa pamene pulogalamu imakonda kufera kumapeto kwa mwezi, chifukwa chimene mzere wina wooneka wopanda ntchito suyenera kufufutidwa, ndi munthu woti aimbiridwe foni makina osungira zinthu akadzaza. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse. Anazitola chimodzichimodzi m'zaka khumi zosagona tulo. Achinyamatawo ndi aulemu, ndi anzeru, akufunsa mafunso oyenera, akulemba zonse, ndipo msonkhanowo ukujambulidwa kuti asadzasowenso kumufunsa. Zoterezi zinachitikadi. Kumayambiriro kwa 2015 antchito a makompyuta pafupifupi 250 a Disney ku Orlando anachotsedwa, ndipo ambiri anauzidwa kuti ndalama zowatsanzika alandira akamaliza kuphunzitsa anthu obwera kudzera m'makampani a kontirakiti. Apa ndiye kudekha kwa munthu, zaka zake zonse zoyang'anitsitsa, kukukololedwa ndi wina. Iye anawaonadi maso a nkhono, ndipo tsopano akulamulidwa kuti alozere ena pamene ali, kenako anyamuke.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti olalikira kudekha ndiwo sadekha. Kampani ya pa msika wa masheya imaweruzidwa miyezi itatu iliyonse. Mu Novembala 2022 Christopher Hohn, mkulu wa TCI Fund Management ya ku London, imene inali ndi masheya ambiri mu Alphabet, analembera Sundar Pichai, mkulu wa Alphabet, kalata yapoyera yonena kuti antchito achuluka ndipo akulipidwa mopitirira. Isanathe miyezi itatu anthu 12,000 anachotsedwa, ndipo Hohn analembanso kuti sizinakwane. Sindikunena kuti kalata imodziyo ndiyo inachotsa anthu. Ndikunena kuti mwini ndalama akagogoda chitseko chimatseguka msanga, pamene wantchito akagogoda amauzidwa za chaka chamawa. Mu 2025 Microsoft inachotsanso anthu pafupifupi 15,000 pa nthawi imene phindu lake la pachaka linapitirira madola 100 biliyoni, ndalama zikuthiridwa m'makina a AI. Sikuti m'nyumbamo munalowa njala. Chakudya chinangosintha mbale.

Ndipo chaka chamawacho chili ndi mtengo umene mwambi sunauwerengere. Mwana woyembekezera nkhono amataya ola limodzi, koma wantchito amataya unyamata wake. IBM ndiyo inauyamba kale ulendowu. Pofika 2017 inali ndi antchito pafupifupi 130,000 ku India, kuposa a kwawo ku America. Mu 2018 atolankhani a ProPublica anapeza kuti m'zaka zisanu kampaniyo inachotsa antchito a ku America oposa 20,000 a zaka 40 kupita m'tsogolo, ndipo mu 2020 EEOC, bungwe la boma loona za tsankho pa ntchito, linapeza kuti panalidi kusankha anthu potengera zaka. Ambiri mwa iwo anali anthu amene anakulira pakampanipo. Mphoto ya kukhalitsa kwawo inali malipiro okwererapo, ndipo malipiro okwererapowo ndiwo anawaika pamwamba pa mndandanda wa oyenera kuchoka. Kufunsira ntchito uli ndi zaka 52, luso lako lonse lili pa makina a kampani imodzi, si chimodzimodzi ndi kufunsira uli ndi zaka 30.

Munthu wopwetekedwa amafuna nkhope yoti aikwiyire, ndipo nkhope imene ili pafupi ndi ya mnyamata wa pa sikirini uja. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi ena mwa odandaulawo. Dandaulo lawo likasanduka chipongwe pa Amwenye, kunyoza kalankhulidwe kawo, kunena kuti ntchito yawo yonse ndi ya chisawawa, amakhala aphonya. Ku India kuli mainjiniya odziwa ntchito. Microsoft inatsegula malo ake opangira mapulogalamu ku Hyderabad kale mu 1998, ndipo mu 2019 Amazon inatsegula mumzinda womwewo chinyumba cha maofesi chachikulu kuposa china chilichonse chimene inali nacho. Pofika 2024 makampani akunja anali ndi malo otere oposa 1,700 m'dzikomo, olemba anthu pafupifupi 1.9 miliyoni. Mnyamata wa ku Bengaluru sanabe kanthu. Anafunsira ntchito imene inalengezedwa, monga anachitira wa ku San Jose zaka makumi awiri zapitazo. Ndiponso nayenso akuuzidwa kuti adekhe. M'makampani akuluakulu a kontirakiti a ku India malipiro a woyamba kumene ntchito akhala akuzungulira pakati pa marupi 300,000 ndi 400,000 pachaka kwa zaka zoposa khumi, pamene lendi ya mumzinda ikukwera osaima. Mu 2023 Narayana Murthy, mmodzi mwa oyambitsa Infosys, imodzi mwa makampani amenewa, analangiza achinyamata kuti azigwira ntchito maola 70 pa sabata. Mu Julayi 2025 TCS, kampani inanso yotere, inalengeza kuti ichotsa anthu pafupifupi 12,000, makamaka a maudindo apakati ndi apamwamba, ndiye kuti okhalitsa aja. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Pakati pa awiriwa pali wachitatu, amene kudikira kwake kumandimvetsa chisoni koposa: Mmwenye wogwira ntchito ku America pa viza ya H-1B. Lamulo limaika malire a magawo 7 pa 100 alionse pa ziphaso za green card, zololeza munthu kukhazikika ku America, zimene anthu obadwira m'dziko limodzi angalandire pachaka, choncho mzera wa obadwira ku India ndi wa zaka makumimakumi. Nthawi yonseyo sayerekeza kukangana ndi bwana, amaopa kusintha ntchito, ndipo akachotsedwa amakhala ndi masiku 60 okha oti apeze ina, apo ayi alongedze katundu, ana amene anabadwira komweko n'kuchotsedwa sukulu pakati pa teremu. Ena mwa anzake a mu ofesi amamuona ngati wolanda ntchito, kampani imamuona ngati wosathawa. Uyu sitingamuuze kuti kuona maso a nkhono n'kudekha popanda kugwidwa ndi manyazi.

Wowerenga wa kwathu kuno akhoza kufunsa kuti tiwalirire chifukwa chiyani anthu amenewa. Mu 2021 wantchito wapakatikati wa Alphabet ankapeza pafupifupi madola 300,000 pachaka. Ntchito ikachoka kwa okhuta kupita kwa anjala, kodi si chilungamo chimenecho? Funsoli sindingalinyalanyaze. Ntchito zimenezi zatukuladi mabanja ambirimbiri ku India, ndipo ine ndingakondwe kwambiri kuona mtsikana wochokera ku MUBAS kapena ku MUST akulembera mapulogalamu kampani ya padziko lonse ali ku Blantyre. Africa inaonetsa kale kuti ingathe: EC2, njira ya Amazon yobwereketsa makompyuta pa intaneti imene inatuluka mu 2006, inamangidwa ndi timu ya ku Cape Town. Agogo athu ankanyamulidwa ndi Wenela kupita kumigodi ya ku Joni chifukwa thukuta lawo linali lotchipa. Lero munthu amakhala pakhomo pake, ntchito ndiyo imamupeza kudzera pa waya. Kusinthaku n'kwabwino ndithu. Koma chifukwa chimene ntchitoyo yabwerera sichinasinthe, ndipo chobwera chifukwa cha kutchipa chimanyamukanso chikamva kuti kwina kwatchipa kuposa.

Tayang'anani ku Nairobi. Kampani ya Sama inkalemba achinyamata ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa kuti aziona ndi kuchotsa zithunzi ndi mavidiyo oopsa pa Facebook: kuphana, kugwiririra, kudzipha, tsiku lonse maso ali pamenepo. Mu 2022 magazini ya TIME inaulula kuti ena ankalandira pafupifupi dola imodzi ndi theka pa ola. Daniel Motaung wa ku South Africa, amene anayesa kusonkhanitsa anzake kuti akhale ndi bungwe, anachotsedwa ntchito ndipo anakasuma kukhoti. Kumayambiriro kwa 2023 Sama inasiya kontirakitiyo, ndipo oposa 180 mwa ochotsedwawo anakamang'ala Meta, mwini wa Facebook, pamodzi ndi makampani a kontirakiti. Ku Lagos, Microsoft inakhazikitsa mu 2019 malo a mainjiniya amene anthu anawalandira ndi nthungululu. Mu Meyi 2024 inawatseka. Wolira ku Seattle ndi wolira ku Lagos ali pa maliro amodzi, ngakhale mabokosi asiyana mtengo.

Kodi tsono tiutaye mwambiwu? Ayi. Kupupuluma nakonso kwagwetsa anthu. Ena amene anathamangira malipiro onona mu 2021, kulumpha kuchoka kampani iyi kupita iyo, anapezeka pa mndandanda wa ochotsedwa asanazolowere n'komwe ofesi yatsopano. Ndiponso ntchito ya mapulogalamu payokha imafuna kudekha kwenikweni. Vuto lobisika, limene limaoneka kamodzi pa sabata n'kuzimiririka, siligonja kwa wogogoda. Limafuna munthu wokhala chete, wowerenga mzere ndi mzere, woyesa chimodzi n'kudikira aone chotuluka. Zinsinsi za makina a kampani imodzi angathe kuzijambula pa msonkhano wa usiku n'kuzitumiza kutsidya, koma maso ozolowera kufufuza chotero sajambulidwa. Amachoka ndi mwini wake. Pamenepo mwambi waima bwinobwino pa miyendo yake yonse, chifukwa luso silidyera pa kudikira kwako ndipo silisamutsidwa uli m'tulo. Komanso taonani mwana woyembekezera nkhono uja: sakhala pansi atatsinzina. Maso ake ali pa chigobacho nthawi yonseyo, ndipo wina atabwera n'kuchitola angadziwe pomwepo n'kudzuka. Wantchito amene waona malo atatu a m'timu yake akutsegulidwa kutsidya kwa nyanja, n'kumangobwereza mumtima kuti nthawi yanga ikubwera, sakuchita zimene mwanayo amachita. Wasiya kuyang'ana, ndipo mwambi sunamutume zimenezo.

Kuli malo ena kumene kudikira kwa wantchito kuli ndi pogwira. Mu 2023, pamene a ku America ankachotsedwa ndi imelo imodzi, Google ndi Amazon sizinathe kuchita chimodzimodzi ku France ndi ku Germany. Malamulo a kumeneko amakakamiza kampani kukhala pansi ndi nthumwi za antchito isanachotse gulu la anthu, choncho zokambirana zinatenga nthawi, ndipo ena anapatsidwa ndalama zooneka kuti achoke mwa kufuna kwawo. Anthu a ku Paris ndi a ku Munich si odekha kuposa a ku Seattle. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko bwana nayenso amadikiritsidwa. Mainjiniya a ku America kwa nthawi yaitali ankaona mabungwe a antchito ngati za anthu a m'mafakitale, poti aliyense ankadzidalira pa luso lake. Alphabet Workers Union inabadwa mu Januwale 2021, ndipo idakali kagulu kochepa poyerekeza ndi unyinji wa antchito a kampaniyo. Ku Nairobi, pa 1 Meyi 2023, anthu oposa 150 ogwira ntchito yosefa zoikidwa pa intaneti anavota kuti akhazikitse bungwe lawo. Zonsezi n'zongoyamba kumene, ndipo kudakali kutali kuti wa ku California ndi wa ku Bengaluru amve chimodzi. Koma malinga ngati awiriwa akuonana ngati adani, amene amasankha kumene ntchito ipite sadzafunsidwa funso ndi limodzi lomwe.

Inu amene muli ndi anthu pansi panu, kaya ku Redmond kaya ku Lilongwe, musamuuze munthu kuti adekhe pamene mukudziwa kuti malo amene akuwayembekezera mwawapereka kale kwina. Muuzeni zoona adakali ndi zaka zoti n'kukayambira pena. Ndipo iwe mng'ono wanga amene ukuphunzira mapulogalamu usiku, kusungira bandulo kuti ikwane mwezi, poyembekezera kuti tsiku lina kampani yakunja idzakulemba: phunzira mofatsa, ndipo ntchitoyo ukadzaipeza udzaigwire ndi mtima wonse. Koma bwana akadzakuuza kuti udikire, udzawafunse mwaulemu kuti udikire mpaka liti, udindowo uli mu ofesi ya dziko liti, ndiponso ndani anakwezedwa m'timu mwanu chaka chathachi. Akadzalephera kukuyankha kawiri, udzayambe kulemba makalata ofunsira ntchito kwina.